Sari Yofiira ya ku Surat

Pandesara, Surat
11 Febuluwale 1996

Amake Tuni,

Landirani moni wanga. Ine kuno ndili bwino, kaya inu, Tuni ndi amayi? Ambuye Jagannath akusungeni nonse. Bondo la amayi likuti bwanji masiku ano? Ndalama ya mwezi uno ndatumiza pa positi, mundidziwitse ikafika.

Ndili ndi nkhani yabwino. Ku makina oombera nsalu kuja ndachokako. Amalume anu a Dibakar anandilankhulira kwa kapitawo wa fakitale ina, ndipo tsopano ndili pa makina okoka ulusi wa nayiloni. Muwalembere mawu awiri owathokoza, mukudziwa mmene amakondera kuthokozedwa.

Amake Tuni, zaka zonsezi ndakhala ndikuomba ulusi umenewu osadziwa kuti umabadwa wofooka. Amasungunula pulasitiki n'kuifinyira m'timabowo, ndipo chotuluka ndi ulusi wonenepa, wosawala, wopanda mphamvu. Ntchito yanga ndi kuudutsitsa pa magudumu awiri, lachiwirilo lothamanga kuposa loyamba. Kuukoka kokhako basi, ulusi umasanduka wina.

Sabata yatha ndinakasiya mabobini, timitengo tokulungapo ulusi tija, ku chipinda choyesera ulusi. Kumeneko kuli mayi wina dzina lake Jagruti-ben. Ataona kuti ndikuyang'anitsitsa zida zawo, anandipatsa kachidutswa ka ulusi wosakoka nati ndikoke pang'onopang'ono ndi manja. Ndinkayesa kuti uonda wonse pamodzi, koma ayi. Panaonda malo amodzi okha mwadzidzidzi, iwo amati khosi, ndipo khosilo linayamba kuyenda, kudya ulusi wonenepa kutsogolo, kusiya woonda ndi wowala kumbuyo. Litafika kumapeto ndinayesa kukokanso, ulusi unandicheka chala.

Ndinafunsa chifukwa chake, ndipo Jagruti-ben sanandiseke. Akuti mkati mwa ulusi muli timaunyolo tatitalitali tosaoneka ndi maso. Tina tinapiringizana ngati tsitsi la Tuni m'mawa, tina tinadzipinda bwinobwino m'timitolo tolimba, koma timitoloto tinaloza kulikonse. Mukakoka, topiringizana tija timayamba kuwongoka. Mukapitiriza, timitolo timapendekeka, timatsetsereka, kenako timasweka tizidutswa, ndipo tizidutswato timafola mzere kuloza komwe mukukokerako. Pakhosi paja ndi pomwe ntchito yonseyi imachitikira. Zonse zikaloza kumodzi, mphamvu yake ndi imeneyo.

Ndaika kachidutswa mu emvulopu muno kuti nanunso mukoke mudzionere nokha.

Ine mwamuna wanu,
Banamali

Polasara
25 Febuluwale 1996

Bambo a Tuni,

Moni. Tonse tilipo. Ndalama yafika, koma mafuta opaka bondo la amayi akwera mtengo, ndiye mwezi wamawa muwonjezereko. Amalume ndawalembera.

Kalata yanu ndinawawerengera amayi pakhonde, ndipo nditafika pakati ndinayamba kudumpha mizere chifukwa cha manyazi. Amayi anafunsa kuti kodi Jagruti ameneyu ndi ndani wathu, poti dzina lake silikuchoka pakamwa pa mwana wawo. Mwana wanu walowa m'kalata chifukwa cha tsitsi losapesa basi. Kuti dzino lake lakutsogolo laguluka simukudziwa, poti simunafunse.

Chipitire ku Surat simunandilemberepo zodzaza theka la pepala. Ndinkati mwamuna wanga si wolankhulalankhula, ndipo ndinazolowera. Lero mwadzaza mbali zonse ziwiri mpaka m'mphepete. Ndiye kuti mawu munali nawo, amene ankasowa ndi wowatulutsa. Ndikukuuzani poyera, zandiwawa. Ine sukulu ndinaisiyira panjira kuti ndidzaphikire amayi anu, za timaunyolo sindingakuuzeni kanthu.

Kaulusi kanu Tuni wamangira chidole chake m'chiuno. Ine sindinakakoke. Zokoka ndili nazo kale, chingwe cha pachitsime chikundikwanira.

Mundiyankhe izi. Ali ndi zaka zingati? Ndi wokwatiwa? Nanga mabobiniwo palibe wina wokasiya? Mundiuzenso ngati mubwera pa Savitri, tsiku lija akazi timapempherera amuna athu. Chaka chatha ndinasala kudya tsiku lonse kupempherera moyo wanu, madzulo n'kugwadira chithunzi chanu, anzanga akugwadira amuna awo enieni.

Ine mkazi wanu,
Sukanti

Pandesara, Surat
17 Malichi 1996

Amake Tuni,

Moni nonse. Ine ndili bwino. Za mafuta a amayi ndawonjezera. Dzino la Tuni layamba kumera? Mumuuze kuti asamaligwiregwire ndi lilime, lidzapindika.

Kalata yanu inandiseketsa mpaka anzanga a m'chipinda anafuna kundilanda. Chingwe cha pachitsime ndithu! Zaka za Jagruti-ben sindinawafunse, munthu safunsa zimenezo. Ndi amsinkhu ngati wanu. Mabobini aliyense akhoza kukasiya, koma anzanga amangowaponya pakhomo n'kuthawa, pomwe ine ndimakhala ndi mafunso.

Lachiwiri Jagruti-ben anandionetsa zithunzi ziwiri za m'buku lawo la ku koleji, zojambulidwa ndi kuwala konga kuja amaunikira mafupa kuchipatala. Cha ulusi wosakoka chili ndi mizere yozungulira yathunthu ngati zibangili zanu, kutanthauza kuti timitolo tija taloza mbali zonse. Cha ulusi wokoka zibangili zija zaduka, kwangotsala timadontho towala toyang'anizana. Ndiye kuti zimene ankandiuza zija si nthano, zimaoneka ndithu. Ndinazigwira zithunzizo mpaka anachita kundikumbutsa kuti belu lalira.

Anandiuzanso kuti mphamvuyo imakhala m'litali mokha. Pitani m'khola musolole kachingwe kamodzi pa thumba la feteleza lija. Pokoka simungakadule, koma ndi chikhadabo chabe kamang'ambika kutsata utali wake, chifukwa timaunyolo tonse tagona moyandikana ndipo cham'mbali palibe chotigwirizitsa kwambiri. Komanso ukakoka mopitirira muyeso, timaunyolo timasowa kowongokera, ulusi n'kuduka. Pamenepo ndi pomwe kapitawo amatukwana makolo athu onse.

Pa Savitri sindibwera. Ndine watsopano, ndikangopempha tchuthi malo anga apatsa wina. Koma musadandaule, chaka chino simuvala sari ya pamsika wa Polasara. Zambiri sindinena.

Banamali

Polasara
2 Epulo 1996

Amalume,

Ndakhudza mapazi anu. Muli bwanji ndi matenda anu a shuga? Kuno tilipo.

Ntchito bambo a Tuni munawapezera ndinu, ndiye wondithandiza ndinu nomwe. Ku fakitaleko kuli mayi wina woyesa ulusi, Jagruti, amene wadzaza makalata awo. Ndinawafunsa ngati ndi wokwatiwa, funso limenelo analidumpha ngati sanalione. Tsopano akuti pa Savitri sabwera. Sindikunena kuti achita kanthu, koma mtima wanga suli m'malo, ndipo chakudya sichikundikomera. Muziponyako maso mukamadutsa kumeneko. Musawauze kuti ndakutumani.

Mwana wanu,
Sukanti

Udhna, Surat
9 Meyi 1996

Sukanti, mwana wa mlongo wanga,

Madalitso kwa iwe ndi kamtsikana kako. Shuga alipo, madokotala a kuno andiletsa chilichonse chokoma, kaya akufuna ndikhalire chiyani ndi moyo. Ukawauze amayi ako anditumizire nsomba zouma Kalia wa kumudzi kwanu uja akamabwerera kuno. Kalatayi ndapatsira Kalia yemweyo, amene wanyamulanso phukusi lako lochokera kwa mwamuna wako.

Ndakhala mu Surat muno iwe usanabadwe, ndipo anyamata a kwathu ndawaona akusokonekera mitu ndi zochepa kuposa izi. Zimene unandipempha ndachita. Mayiyo ndamuona. Ndi wovala magalasi, amayenda ngati fakitaleyo ndi ya bambo ake. Sindura, ufa wofiira uja wosonyeza kuti munthu ali pabanja, pamutu sindinamuone nayo, koma akazi okwatiwa a kuno ambiri sapaka, ndiye pamenepo usagwirepo.

Chimene ndinaona ndi maso angawa ndi ichi. Loweruka lapitali pa nthawi ya nkhomaliro, kuseri kwa chipinda choyesera chija, mkamwini wathu anatulutsa sari yofiira m'pepala. Mayiyo anaikulunga m'chiuno pamwamba pa zovala zake, n'kuiponya paphewa, n'kumatembenuka uku ndi uku, mwamuna wako ali chiimire mano onse pamtunda. Zimene ankakambirana sindinamve, ndinali kuseri kwa lole. Kenako anaivula n'kum'bwezera.

Phukusi limene lili ndi Kalia sindinalitsegule, ine si munthu wotsegula za eni. Ndinangoboola pakona ndi chala, ndipo zamkatimo ndi zofiira.

Usachite zinthu mopupuluma. Koma ukafuna kuti ndilankhule ungonena, pakamwa ndili napo.

Malume wako,
Dibakar

Polasara
18 Meyi 1996

Amalume,

Ndakhudza mapazi anu. Nsomba zanu amayi akuyanika. Dzulo inali Savitri, ndipo ndikulemba ukali usanathe.

Kalia anafika Lachiwiri. Sariyo inali yokongola, sindinama, yofiira ngati sindura, m'mphepete mwake mwa thonje lachikasu. Koma nditainunkhiza inali ndi fungo la mafuta, ndipo ndinadziwiratu kuti ndi a m'tsitsi la mayi uja. Ndikanapita bwanji kukapempherera moyo wa mwamuna wanga nditavala fungo la mkazi wina? Ndinachita zimene timachita ndi nsalu iliyonse imene wavalapo munthu wachilendo. Ndinatereka mphika waukulu, ndinathiramo soda, madzi atawira ndinaiponyamo n'kumavundula ndi mtengo.

Nditaivuula ndinangokhala pansi. Pakati ponse panafupika n'kuuma, m'mphepete mwa thonje muja munatsala mmene munalili, ndiye nsalu yonse inakhwinyata ngati matumbo a mbuzi. Ndinayesa kusita, ndinayesa kukokana ndi apongozi wina uku wina uku, koma osatheka.

Kukachisi ndinapita ndi sari ya chaka chatha. Mkazi wa Kalia, amene ankadziwa kale zimene mwamuna wake ananyamula, anandifunsa pamaso pa onse: "Amake Tuni, ya ku Surat ija mukusungira ukwati wa Tuni kodi?" Anzake anaseka atatseka pakamwa ndi nsalu zawo zatsopano. Kudya ndinasala, chithunzi ndinagwadira, koma zimene ndinkanena mumtima sizinali pemphero.

Ndawiritsa nsalu kuyambira ndili mtsikana, palibe inachitapo zotere. Ndiye kuti ananditumizira zotaya za m'fakitale, zoyamba kuvala wina, ndipo yabwinoyo ili m'bokosi la mayiyo. M'phukusimo munalibe ngakhale mawu amodzi. Ine ndisamale mayi awo, ndilime munda wawo, kuseka ndi kucheza kukhale kwa wina? Amalume, lankhulani. Lankhulani poti anthu amve.

Sukanti

Pandesara, Surat
5 Meyi 1996
(Inafika ku Polasara pa 29 Meyi)

Amake Tuni,

Moni nonse. Bwanji simunandiyankhe ya mu Malichi ija? Muli bwino kodi? Kalatayi ndikuitsogoza kuti ifike Kalia asanafike ndi phukusi lanu, ndipo ndapatsira mnzanga wa m'chipinda kuti akaponye mawa popita kumsika.

Tsopano ndikhoza kuulula. Sari imene ikubwerayo ulusi wake wonse ndakoka ndine. Mabobini otsala theka mwini fakitale amatigulitsa motchipa, ndiye ndakhala ndikusonkhanitsa ofiira okhaokha. Kufiirako n'kobadwa nako, utoto anauthira pulasitiki ikadali yamadzi. Mnzanga wa ku makina oombera anandibwereka makina ake pa tsiku lopuma, ndinaomba ndekha. M'mphepete ndaika thonje lachikasu poti mumalikonda. Dzulo ndinapempha Jagruti-ben kuti aiyese paphewa ndione ngati ikugwa bwino, popeza m'chipinda mwathu muli amuna okhaokha ndipo palibe anavomera. Akuti muli ndi mwayi, amuna awo chikwatirane sanawasokerepo ngakhale batani.

Tsono apa mumvetsetse. Musaiwiritse, musaiike m'madzi otentha. Nsalu za m'masitolo amazidutsitsa m'makina otentha zitagwiridwa mbali zonse, kuti timaunyolo tija tikhazikike mmene tawongokeramo. Yanuyi sinadutseko, chifukwa makinawo salandira nsalu imodzi. Timaunyolo tina tawongoka mokakamizidwa. Tikangomva kutentha timapeza mpata wodzikokera mmene tinalili kale, nsalu n'kufupika, pomwe thonje la m'mphepete silifupika chimodzimodzi. Ndikudziwa kuti inu ndi mphika wanu wa soda simusiyana, n'chifukwa chake ndikunenetsa. Mukamva kafungo, ndi mafuta amene timapaka ulusi kuti usamaduke pa makina. Madzi ozizira ndi sopo pang'ono achotsa.

Pa tsiku la Savitri ine ndidzakhala pa ntchito, koma mtima wonse udzakhala kukachisi kwanuko. Mukajambulitse mutaivala, munditumizire chithunzi ndiwaonetse anzangawa.

Banamali

Polasara
29 Meyi 1996

Amalume,

Ndakhudza mapazi anu. Ndikulemba nditaimirira pa positi pano. Musapite ku fakitale kuja. Musanene kanthu kwa wina aliyense. Kalata ya bambo a Tuni yafika lero, amene anam'tuma anakhala nayo m'thumba masabata awiri. Sariyo anaomba okha, ndipo mayiyo ali ndi mwamuna wake. Kalata yanga ija ing'ambeni. Chonde amalume, mundiyankhe msanga.

Sukanti

Udhna, Surat
6 Juni 1996

Sukanti,

Madalitso. Nsomba zafika, koma mchere anachulukitsa.

Makalata ako akutsutsana, mwana iwe. Yoyamba ikuti lankhulani, yachiwiri ikuti musalankhule. Ine ndinamvera imene inayamba kufika. Itangofika, Lolemba lake ndinakaima pageti la fakitale pa nthawi yoweruka, ndipo ndinalankhula m'Chihindi kuti pasakhale wonamizira kusamva. Ndinamufunsa mayiyo ngati kwawo n'chizolowezi kuvala nsalu za akazi a eni. Ndinanenanso zina zimene sindingakulembere. Kunena zoona, ndinalankhula bwino.

Kuti ali ndi mwamuna ndinadziwira pomwepo, chifukwa anali atabwera kudzamutenga pa njinga yamoto ndipo anamva zonse. Mayiyo anangochotsa magalasi n'kumawapukuta. Mkamwini wathu anandigwira dzanja nati, "Amalume, wakutumani ndani?" Ndinamuuza, poti ine sindibisa.

Mawa lake mayiyo sanabwere ku ntchito. Akuti apongozi ake anena kuti za ntchito zatha, azikhala pakhomo. Mwamuna wakonso mwini fakitale anamuchotsa ntchito, akuti safuna phokoso pageti pake. Koma usade nkhawa, ndamupezera kale malo ku makina oombera nsalu, kwa bwana wake wakale. Malipiro atsika pang'ono, koma mayiyo sadzamuonanso, ndipo si zimene unkafuna? Za sari usalire nazo, ndi nsalu chabe.

Malume wako,
Dibakar

Polasara
14 Juni 1996

Bambo a Tuni,

Moni. Amayi ali bwino, mvula yayamba, tikukonza nazale ya mpunga. Muli bwanji? Mukudya mokwanira?

Amalume ndinawatuma ndine, mukudziwa kale. Sari ndinaiwiritsa kalata yanu isanafike. Ndaipinda mmene ingapindikire, ili m'bokosi, ndipo Tuni ndamuletsa kuigwira.

Nsanje ndinali nayo, ndipo sindikunamizani kuti yatheratu. Nkhope ya mayiyo sindikuidziwa n'komwe. Chimene chinkandidya n'chakuti zaka zonsezi ndagona nanu nyumba imodzi osadziwa kuti mumakonda kufunsa mafunso, ndipo wina anazidziwa tsiku limodzi. Koma kuti achotsedwe ntchito, zimenezo sindinazifune. Mundipatse keyala yawo ndiwalembere apongozi awo. Aphunzitsi a Tuni akhoza kundiikira m'Chihindi.

Dzulo ndinapita m'khola kukasolola kachingwe pa thumba la feteleza. Kakung'ambikadi m'litali monga munanenera. Ndinaima pamenepo ngati wopusa, ng'ombe ikundiyang'ana. Ndiye ndili ndi mafunso anga. Kodi timaunyolo tikadzikoka choncho tingawongokenso? Sariyo itapita ku makina otentha aja ingachire? Nanga tsitsi lathu ndi thonje, namonso muli timaunyolo? Ndilembereni zambiri, mudzaze pepala, nditha kumva mukafotokoza pang'onopang'ono. Sindidumphanso mzere.

Ine mkazi wanu,
Sukanti

Pandesara, Surat
30 Juni 1996

Amake Tuni,

Moni nonse. Ndili bwino. Ndalama ndatumiza, yachepa, mupirire nayo. Amayi asamalowe m'madzi a m'munda ndi bondo lija.

Keyala ya Jagruti-ben sindikuidziwa. Sindinafikepo kwawo, ndipo kalata yochokera kwa ife ingowawonjezera mavuto. Musiyeni.

Mafunso anu ndi abwino. La tsitsi lija nanenso ndinkafuna kufunsa sabata yomwe amalume anabwera pageti ija. Mayankho ake sindikuwadziwa, ndipo kuno kulibe womufunsa.

Sindinakwiye nanu, musamaganize zimenezo. Mwapempha kuti ndidzaze pepala. Lero ndi tsiku lopuma, ndakhala nalo pabondo kuyambira m'mawa. Ndimadzuka, ndimapita ku makina, ndimalumikiza ulusi ukaduka, ndimabwerera. Zina zoti ndilembe palibe.

Banamali